Ndinkafuna minofu, ndinapata mabere

Kuno ku Joni, ukakhala mlonda wowonda ngati ine, ngakhale galu wa bwana amakuderera. Ndiye mnzanga wina wa kujimu ku Yeoville atandinong'oneza za jakisoni wa testosterone, homoni ya abambo yokulitsa minofu, sindinafunse kawiri. Ndalama zoti nditumize kwa mayi a ana ku Mangochi ndinagulira timabotolo.

Miyezi iwiri yoyamba zinkandiyendera. Malaya anathina m'mapewa, ndipo mu Rockey Street ndinkayenda ngati ndapanira mavwende m'khwapa. Kenako nsonga za mabere zinayamba kuyabwa, kenako kuwawa, kenako kutukumuka. Lamba wa chikwama akangokhudza, ndinkadumpha ngati ndaponda moto.

Ndinapita mwakachetechete kwa mwana wa achemwali anga, yemwe akuphunzira unamwino. Atangoona, anayamba waseka mpaka kukhala pansi (ana a masiku ano ulemu unawathawa), kenako anatenga lisiti ya mugolosale n'kujambula kumbuyo kwake timphete tinayi tolumikizana, titatu ta makona 6, kamodzi ka makona 5.

"Malume, chigoba ichi chili ndi makaboni 17, ndipo ma steroid onse amamangidwa pamenepa. Cholesterol, cortisol, mahomoni a abambo, mahomoni a amayi, onsewo ndi pachibale. Testosterone ali ndi makaboni 19, estradiol wa amayi ali ndi 18. M'mafuta a m'thupi mwanu muli enzyme yotchedwa aromatase. Imachotsa kaboni mmodzi, n'kusintha kamphete koyambaka, basi testosterone wasanduka estradiol. Inu mumathira wambiri, iyo n'kumasandutsa wambiri."

Kaboni mmodzi! Ndinayang'anitsitsa lisiti ija, mbali inayo itandandalika buledi ndi sopo, ndikuwerengera marandi anga.

Sanathere pomwepo. Akuyang'ana kumbali, anandiuza kuti thupi likaona testosterone wochokera kunja limasiya kupanga wake, ndiye katundu wakumunsi amafota. Pamenepo sindinayankhe, chifukwa nkhaniyo ndinali nditaiona kale kubafa. Anandilanda timabotolo n'kunena kuti mawa lomwe ndikaonane ndi dokotala.

Usiku womwewo mayi a ana anaimba vidiyo pa WhatsApp, ine nditaiwala kuvala malaya. Anakhala chete kanthawi, nkhope atayandikitsa pafoni.

"Abambo ake, ndalama ya mkaka wa mwana simunatumize. Kapena mwaganiza zodzayamwitsa nokha?"