Mmene Ndinasandukira a Enieni

Popeza kakanema kaja kafika kale pa gulu la WhatsApp la kumpingo, ndipo dzulo kondakitala wa minibasi ya ku Likuni wandipatsa chenji akunena kuti "landirani, a Enieni," bola ndifotokoze ndekha anthu asanathiremo mchere wina. Mawu aja ndi angadi, sindikukana. Koma inu mwamva masekondi 40 okha, pamene ine tsiku limenelo ndinalankhula zanzeru kwa ola lathunthu.

Ine sindinapemphe kulowa mu filimu. Mlamu wanga ndi amene anauza achinyamata ojambula dokyumentale ya nkhalango ya Dzalanyama kuti ku Chinsapo kuli bambo wina wokonda mitengo kwabasi. Umboni wake unali woti mu Januwale ndinadzala mbande 12 za mibawa kuseri kwa mpanda n'kuziika pa Facebook. Zoti mbuzi za aneba zinadya mbande 9 sabata yomweyo sanawauze, poti zimenezo sindinaziike pa Facebook.

Lachisanu usiku ndinaloweza ngati mwana wa Sitandade 8. Dzalanyama inakhala nkhalango yotetezedwa mu 1922. Kukula kwake ndi mahekitala pafupifupi 99,000, mpaka kukagunda malire a Mozambique. Mtsinje wa Lilongwe umachokera kumeneko, n'kudzadzaza madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, ndiye madzi a m'mipopi yathu mumzinda muno ndi omwewo. Mu 2015 boma linachita kutumizako asilikali chifukwa owotcha makala anali atanyanya. Ndinabwereza zimenezi pagalasi, dzanja lili m'mwamba, mpaka mayi akunyumba anandifunsa ngati ndayamba kufuna ukhansala.

Kutacha tinagwira ntchito yobisa umboni. Mbaula zonse ziwiri zinalowa kunsi kwa bedi. Phulusa tinakataya kudzala. Pakhonde pali malo ena akuda bii pomwe mbaula imakhala chaka chonse, pamenepo tinayalapo mkeka n'kukhazikapo mphika wa maluwa. Ndinakabwereka silinda ya gasi kwa aneba ena, anesi, ndipo anandichenjeza kuti ilibe kanthu. Ndinati palibe vuto, siyophikira, ndi yoonetsa. Kenako ndinavala suti ya ukwati, ija imakana kumangika batani lapakati.

Anabwera atatu: mtsikana wotsogolera, mnyamata wa kamera, ndi wina wamfupi, wosalankhulalankhula, mahedifoni ali m'khosi. Wamfupiyo ndi amene anandipana kamaikolofoni pakolala, kakang'ono ngati nyemba, n'kudutsitsa waya mkati mwa malaya mpaka kukabokosi kamene anandilowetsa m'thumba lakumbuyo. Pali china chake chimene ananena chokhudza kagetsi kobiriwira pakabokosipo. Sindinamvetsere. M'mutu mwanga munali 1922.

Anandikhazika pampando pafupi ndi mibawa itatu yotsala ija, silinda ikuonekera chapatali ngati yangopezekapo mwangozi. Abale, ndinalalika. Zaka zonse ndinazitchula osaphonya. Ndinafotokoza mmene dothi limakokolokera kumtsinje mitengo ikatha, n'kukadzaza damu, madzi n'kumachepa. Nditaona mtsikana uja akugwedeza mutu, mzimu unandikwera, ndipo ndinaloza kamera ndi chala n'kunena kuti, "Aliyense wogula thumba la makala mu Lilongwe muno adziwe kuti nkhwangwa ili m'manja mwake!" Mawu amenewo sindinawakonzekere, anangobwera okha. Misozi inalengeza pang'ono. Ndinadziona ndikuitanidwa kumisonkhano ya kunja, ndikukwera ndege pa Lumbadzi.

Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Kwa ine amalondawo anabweradi, pa njinga.

Ndinayamba kumva kulira kwa tcheni chouma, kwii, kwii, kwii, kumbuyo kwa mpanda. Kenako kamluzu kawiri. Kamluzu kameneko ndimakadziwa ngati kulira kwa mwana wanga. Linali Loweruka loyamba la mwezi, tsiku limene achimwene a makala amabwera, ndipo pa zonse zimene ndinaloweza usiku uja, ichi chokha ndi chimene ndinaiwala. Ndinapempha mwaulemu kuti ndikataye madzi. Mtsikana uja anati zili bwino, nawonso asinthe batire.

Ndinazungulira nyumba chothamanga, n'kuwapeza pakageti kakumbuyo atatsamiritsa njinga kukhoma. Matumba atatu, aja a mutu wolukidwa pamwamba, thukuta lili kamukamu.

"Achimwene, mwabwera tsiku loipa. Kuli alendo. Lankhulani motsitsa."

"Ndibwerere nawo, bwana?"

Munthu wanzeru akanati inde. Apa ndi pomwe nkhani yonse ikanathera. Koma mayi anali atasankha kale nyemba, ndipo thumba lakale linali litatsala fumbi lokhalokha.

"Mubwerere nawo kuti? Tsitsani limodzi. Koma ndi enieni? Aja a mwezi watha munandipusitsa. Anali a bulugama ndi mango, ongothetheka, kupsa ngati mapepala. Nyemba zisanafewe mbaula yazima."

"Awa ndi a m'phiri, bwana."

"Phiri lake liti? Mapiri ndi ambiri. Ine ndikufuna a ku Dzalanyama enieni. Enieni! A mombo kapena muwanga, mtengo wokhwima, osati timitengo tadzana."

Tsono apa ndi pomwe pamandipweteka kwambiri ndikakumbuka. Aliyense wodziwa makala amadziwa kuti sayesedwa ndi maso. Umatenga awiri n'kuwagundanitsa. Oipa amangoti phu, phu, n'kunyenyeka. Abwino amalira ngati chitsulo. Ndinapisa dzanja pakati pa thumba, chifukwa pamwamba amaikapo onyengerera, n'kusolola awiri akuluakulu. Ndinawakweza mpaka pachifuwa, penipeni pa kolala, kuti ndimve bwino. Ngwee. Ndinagundanitsanso. Ngwee. Sindinakhutire, ndinabwereza kachitatu, pang'onopang'ono, maso nditatsinzina ngati munthu amene akumvera kwaya. Ngweee. Mnyamata wa mahedifoni uja anandiuza pambuyo pake kuti chiyambire ntchito yake sanajambulepo phokoso lomveka bwino choncho.

"Eyaa," ndinatero. "Imvani kulira kwake. Mtengo uwu Kamuzu pobwera mu 1958 anaupeza uli kale ndi mthunzi."

Achimwene aja anaseka. Ine ndinapitiriza, poti pakamwa panga tsiku limenelo panalibe buleki. Ndinawafunsa kuti a zankhalango anawazemba bwanji pamsewu. Anati anadzera njira za m'minda usiku wonse, akukankha. Ndinati, "Mwachita bwino, Mulungu azikutsogolerani." Atandikumbutsa za K5,000 yotsala ya mwezi watha n'kufunsa kuti alendowo ndi a chiyani, ndinayankha kuti, "Ndi tiana ta zachilengedwe iti, tatsala pang'ono kupita. Tikandipatsa alawansi ndikulipirani zonse."

Thumba tinalikokera m'bafa. Ndiye popeza ndinali nditatsanzika kuti ndikukataya madzi, ndinaona kuti si bwino mkhristu kunama, ndinatayadi. Gawo limenelo anachita chifundo, sanaliike mu filimu, koma analimva.

Pobwerera ndinapukuta thukuta pamphumi ndi dzanja, osadziwa kuti dzanjalo ndi lakuda. Nditatulukira pakona ya nyumba ndinapeza pabwalo pali zii. Wa kamera anali kuyang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo, pomwe kunalibe mtambo ndi umodzi womwe. Wamfupi uja anali atakhala pansi penipeni, pafumbi, mutu uli pakati pa mawondo, mapewa akugwedezeka. Poyamba ndinaganiza kuti walandira uthenga wa maliro. Kenako ndinaona kuti mahedifoni aja agawana: mbali imodzi ili kukhutu kwake, ina mtsikana uja waigwirizira kukhutu kwake, atawerama. Waya wake ndinautsatira ndi maso mpaka pamakina. Pamakinapo panali kagetsi kobiriwira. Dzanja langa linapita lokha kuthumba lakumbuyo, n'kukhudza kabokosi kaja. Kanali kofunda.

Sindikudziwa kuti tinakhala nthawi yaitali bwanji tikuyang'anana. Nkhuku inadutsa pakati pathu, n'kuima, n'kundiyang'ana nayonso. Kumbuyo kwa mpanda tcheni chija chinayambanso, kwii, kwii, kwii, kumka chakutali, ndipo tonse anayi tinachimvetsera mpaka chinazimirira. Ndinaganiza zokomoka, koma suti inali ya ukwati ndipo pansi panali fumbi. Ndinaganiza zonena kuti ndimachita kafukufuku. Ndinatsegula pakamwa, panangotuluka mpweya.

Mtsikana uja analeredwa bwino, ndiyenera kuvomereza. Anatsokomola pang'ono n'kunena kuti, "Bambo, tipitirize? Munalekezera pa nkhwangwa."

Ndipo ine ndinakhala pansi n'kupitiriza. Mphindi 20 zina, mzere wakuda uli pamphumi ngati Lachitatu la Phulusa, popanda ndi mmodzi yemwe wondiuza. Pomaliza anandipatsa pepala loti ndisayine. Linali la masamba awiri, m'Chingerezi chaching'onoching'ono, ndipo envelopu ya alawansi inali kale m'dzanja lina. Inuyo mukanawerenga?

Miyezi itadutsa ndinadzilimbitsa mtima kuti anthu ophunzira sangaike zoterozo mu filimu. Choncho kalata itabwera yondiitana kukaonera pa 5 Juni, tsiku lokumbukira zachilengedwe padziko lonse, muholo ina ku City Centre, ndinapita ndi mayi, atasoketsa ndi chitenje chatsopano. Anatikhazika mzere wachiwiri, kumbuyo kwa mabwana.

Filimuyo payokha ndi yabwino, ndisaname. Kandege kojambula kaja kanauluka pamwamba pa nkhalango, kuonetsa pomwe mitengo ya miombo idakali yothithikana, kenako mwadzidzidzi zitsa zokhazokha, ndi utsi ukufuka m'mauvuni okwiriridwa ndi dothi. Anaonetsa madzi ofiira akulowa m'damu nthawi ya dzinja. Anacheza ndi bambo wina wowotcha makala, nkhope atamubisa, yemwe anafotokoza kuti fodya sanamupindulire ndipo ana akufuna fizi. Muholo monse munali chete. Kenako ndinatulukira ine, suti ili thwii, chala chili pa kamera, nkhwangwa ili m'manja mwa aliyense. Anthu anawomba m'manja. Bwana wina wakutsogolo anatembenuka n'kundigwedezera mutu. Mayi anandigwira dzanja.

Chithunzi chinasintha. Phiri lopanda mtengo, kamera ikuyenda pang'onopang'ono pamwamba pa zitsa, nyimbo atazimitsa. Ndiye m'masipika akuluakulu aja munamveka kunong'ona: "Koma ndi enieni?"

Nkhope sanaonetse, zoona. Koma mawu anali omwewo amene anali atangowaombera m'manja. Anachita kulembanso m'Chingerezi pansi pake kuti azungu a mzere woyamba asaphonye kanthu, mpaka za Kamuzu zomwe. Itafika ngwee yoyamba, wina kumbuyo anaphulika. Yachiwiri, holo yonse inagwa. Yachitatu ija, yaitali ija, anaisiya ilire yokha pamwamba pa zitsa mpaka kuzirala, ndipo ndinamva mayi akuchotsa dzanja lawo pa langa, chala chimodzichimodzi. Pofika pa "tiana ta zachilengedwe" anali atasamukira mpando wina.

Nthawi ya mafunso, mkulu wina wa pagome lapamwamba ananena kuti bambo a mu filimuwa akuimira tonsefe. Ndinayamba kupumako. Kenako anapempha kuti ngati bambowo alipo aimirire tiwaone.

Tsono ndinene pang'ono mbali yanga, poti nonse mukuseka ngati kwanu mumaphikira dzuwa. Magetsi kwathu amazima nthawi imene munthu ukufuna kuphika, osati nthawi ina. Gasi ndi wabwino, koma amafuna ndalama yonse nthawi imodzi, pamene makala ukhoza kugula ngakhale kapulasitiki kamodzi madzulo. Ndipo nyemba zouma sizidziwa za 1922, zimafuna moto wa maola atatu. Komanso taganizani bwino: amene amagula makala oipa amatha matumba awiri pamwezi, ine limodzi. Ndiye pakati pa iye ndi ine, wosamala nkhalango ndani? Mfundo imeneyi ndinaifotokozera mlamu wanga, anangondiyang'ana n'kufunsa ngati ndamwa mankhwala.

Chinanso. Titatuluka muholo muja kunali chakudya, ndipo panali nyama yowotcha yokoma zedi. Anthu onse ondiseka aja anali pamzere ndi mbale zawo. Ine ndinazemba n'kuzungulira kuseri kwa tenti kuti ndikaone chimene akuwotchera. Mbaula yaitali ya mgolo wodula pakati, thumba lili pambali. Ndinayang'ana uku ndi uku, n'kugwira kolala kaye kuti nditsimikize kuti palibe chopanidwapo. Kenako ndinatola awiri.

Ngwee.

Ndinafuna kukaitana wa mahedifoni uja, koma anali atapita.

Achimwene a makala nawo kakanemako anakaonera pafoni ya mwana wawo. Sanakwiye. Angokweza mtengo, akuti katundu wawo tsopano ndi wodziwika. Mibawa ija yatsala iwiri. Silinda ndinabweza tsiku lojambula lomwelo, koma anesi akuti inapita ndi kapaipi kake ndipo sikanabwerere, ndiye ngati wina mwa inu anakaona kunsi kwa bedi kapena kwina kulikonse, andiuze, chifukwa ayamba kundiyankha moni mozizira.