Nkhoswe ndi botolo la mafuta a nsatsi

Wometa anthu akakhala wadazi, mtendere alibe. Ndili ndi kachipinda kometera tsitsi ku Kapata, mu Chipata, ndipo kasitomala akakhala pampando kalilole amamuonetsa mitu iwiri, wake wodzaza ndi wanga wowala. Ambiri amangoyang'ana n'kumeza mawu. Koma pali mkulu wina wogula soya ndi nsawawa m'midzi ya ku Chadiza amene mawu samuchedwa pakamwa. Tsiku lina makina ali wiii kuseri kwa khutu lake anandifunsa kuti, “Akulu, mutuwu mumaupaka chiyani?” Ndinamuuza kuti mafuta a nsatsi. Anaseka mpaka ndinangotsala pang'ono kumudula khutu.

“Inu feteleza mumathira pamasamba kapena patsinde? Tsitsi limamera kuchokera m'kati. Imwani mafutawo, m'mawa musanadye kanthu. Amatsuka magazi, khungu limasalala, mutu umadzaza.”

Tsitsi ndimalidziwa, ndi limene limandidyetsa. Limatalika pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, kaya munthu apemphere kaya atukwane. Tsiku lililonse m'mutu wabwinobwino mumathothoka tsitsi 50 mpaka 100 ndipo lina limamera m'malo mwake. Dazi la amuna ndi lakumtundu: timabowo tomera tsitsi timanka tichepa, tsitsi limatuluka lopyapyala, kenako silitulukanso. Malume anga onse a ku Vubwi ali nalo. Zonsezi ndimafotokozera anthu tsiku ndi tsiku. Koma mfundo ya feteleza ija inamveka yanzeru, ndipo munthu amene anainena ali ndi tsitsi lakuti makina anga amatentha nalo.

Ndinagula kabotolo ka mamililita 100 pasitolo ya mankhwala ku Down Shops, mafuta oyera otuwira pang'ono, onanda. Papepala la botolo panali timalemba ting'onoting'ono takuti munthu wa zaka zanga sangawerenge popanda magalasi, ndipo magalasi ndinawasiya kuntchito. Timalembato, monga ndikudziwira tsopano, timanena kuti munthu wamkulu wodzimbidwa amwe mamililita 15 mpaka 60, kamodzi kokha. Supuni yaikulu yodyera ndi mamililita 15, yaing'ono ya tiyi ndi 5. Za tsitsi palibe chimene timanena. Kunyumba kwanga supuni imene inali pafupi inali ija yopakulira ndiwo, ndipo mlandu ukafika pabwalo ine ndidzaloza supuniyo. Ndinamwa, ndinaona kuti m'botolo mwatsala tochepa tosayenera kusunga, ndinamalizitsa.

Kukoma kwake sikufotokozeka bwino. Mafutawa satsika, amakhala pammero n'kumakuyang'ana. Madzi sawachotsa chifukwa mafuta ndi madzi sizigwirizana. Odziwa amayamba aika botolo pozizira, kenako amasakaniza ndi madzi a malalanje kapena a mandimu n'kumeza msangamsanga. Ine ndinatsitsira ndi tiyi wotentha, m'mimba mulibe kanthu, 6 koloko m'mawa wa Loweruka.

Loweruka limenelo ndinali nkhoswe. Mwana wa mlongo wanga anapeza mbeta kumudzi wina kuseri kwa Katete, njira yopita ku Chanida, ndipo ine monga malume ndinayenera kukatula mawu. Ndinavala suti yakuda, taye, nsapato zopolisha, ndalama zili mu envulopu m'thumba la m'kati. Maganizo anga anali akuti mafuta ayambe ntchito yawo kumutu ine ndikugwira yanga.

Mafuta a nsatsi ali ndi nthawi yake, ndipo amaisunga kuposa minibasi iliyonse ya pamsewu wa Great East. M'chifu sachita kanthu, n'chifukwa chake ola loyamba munthu amayenda monyada. Akafika m'matumbo aang'ono, timadzi togaya mafuta timawaphwanya, ndiye mumatuluka asidi wotchedwa ricinoleic, amene ndi pafupifupi magawo 90 pa 100 alionse a mafutawa. Asidiyo amagwira minofu ya matumbo n'kuilamula kuti ifinye, komanso amachititsa kuti madzi azisonkhana m'matumbo m'malo molowa m'thupi. Zimenezi zimatenga maola 2 mpaka 6, ndipo pamimba yopanda kanthu zimafulumira. Chipata ndi Katete zatalikirana makilomita oposa 80. Werengerani nokha, muonjezepo nthawi yodikira kuti minibasi idzaze.

Uthenga woyamba unafika titangodutsa pa Mtenguleni. Munalira kamodzi, mozama, mpaka mayi amene anakhala pambali panga anasuzumira pansi pa mpando kuona ngati wina wanyamula nkhumba. Mnyamata wanga anati, “Amalume, simunadye m'mawa?” Ndinamuuza kuti ndi njala chabe. Pa Katete tinakwera njinga zamoto. Amene akudziwa msewu wafumbi wa mabampu, ndiponso mmene anyamata athu amathamangitsira njinga zija, andimvere chisoni pamenepa. Ndinagwira mnyamata woyendetsayo m'chiuno mwamphamvu moti anatembenuka n'kundiuza kuti ndisaope, sanagwetsepo munthu.

Tinafika cha m'ma 10 koloko. Odi, odi, lowani. Anatiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango, ine anandipatsa kampando kachikopa, kafupi, kamene kamapinda munthu mawondo n'kufika pachifuwa. Palibe mpando woipa kuposa umenewo kwa munthu amene ali m'mavuto angawa. Malonje anayamba. Kwathu kuno moni sathamangira: mwayenda bwanji, mwasiya bwanji kunyumba, ana ali bwanji, mvula kumeneko, ndipo aliyense wa akuluakulu aja anafuna moni wakewake, ndi kuomba m'manja komwe. Thukuta linayamba pamwamba pa dazi n'kumatsikira m'kolala.

Nthawi yanga yolankhula itakwana ndinatsokomola pang'ono, chimene chinali chinthu choopsa kuchita, ndipo ndinati, “Makolo athu, ife tabwera kuno chifukwa mwana wathuyu waona...” Pomwepo m'mimba munapotokola. Ndinakhala chete, maso ali tong'o. Akuluakulu aja anagwedeza mitu, kuganiza kuti ndi luso la nkhoswe yodziwa kuika mawu. Ndinayesanso. “Waona...” Kenako ndinaimirira osawongoka bwino n'kufunsa ndi mawu aang'ono kuti kuseri n'kuti.

Chimbudzi chinali kumapeto kwa bwalo, kupitirira nkhokwe ndi khola la mbuzi, chotchingidwa ndi thumba la feteleza pakhomo. Kuchokera pa mango paja chinkaoneka bwinobwino, ndipo ndikhulupirira chinkamvekanso. Munthu wovala suti sayenera kuthamanga pamaso pa apongozi a mwana wake, choncho ndinayenda mayendedwe ena atsopano, mawondo ogundana, mapazi otalikirana. Ana amene ankasewera pamtondo anasiya masewera n'kunditsatira.

Chimene anthu sadziwa n'chakuti mafutawa sabwera kamodzi n'kutsazika. Ukatuluka, kusamba m'manja, kukonza taye, kukhala pansi n'kunena kuti “monga ndimanena muja”, amabweranso. Mawu a ukwati wa mwana wa mlongo wanga anatulidwa zidutswazidutswa, pakati pake ine ndikuyendera nkhokwe ndi mbuzi. Jekete ndinalisiya pa ulendo wina, taye pa ulendo wotsatira. Nkhuku imene anatiphera ndinangoimva fungo.

Amene anatulukira nkhaniyi ndi agogo ake a mtsikanayo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, “Bambo, inu mwamwa nsatsi.” Sikunali kufunsa. Nditavomera n'kufotokoza za tsitsi, anaseka mpaka anagwira pansi, ndiye anaitana anthu onse kuti adzamve.

Agogowo mafuta a nsatsi amayenga okha, ndipo mitengo yake ili kuseri kwa khola komwe ndinkadutsa kuja. Amathyola zipatso zikayamba kuuma, amaziyanika padzuwa mpaka zithetheke, amapeta mankhusu, amakazinga njere pamoto wochepa kuti zisapserere, n'kuzisinja mumtondo mpaka zikhale phala lomata. Phalalo amaliwiritsa m'madzi ambiri, mafuta amayandama pamwamba, amawayengula ndi chipande, kenako amawaphikanso pang'ono kuti madzi otsalira aphwe, apo ayi amanunkha pakapita masabata. Amenewo ndi odzola, akuda chifukwa cha kukazinga kuja. Mtondo wake ndi wapadera, sasinjiramo chakudya, ndipo zotsalira amakwirira kutali ndi mbuzi ndi nkhuku. Ali ndi chifukwa: m'njere za nsatsi muli poizoni wotchedwa ricin, amene amatsalira m'zinyenyeswazi osati m'mafuta oyengedwa bwino. Njere zochepa chabe zotafunidwa zikhoza kupha mwana. N'chifukwa chake mafuta opangira pakhomo, amene mumatsalira tizidutswa ta njere, si omwa ayi.

Pa za tsitsi anandiphunzitsa ntchito yanga yomwe, pamaso pa anthu. Timadontho tochepa m'manja, kusakaniza ndi mafuta ena opepuka chifukwa a nsatsi okha ndi onanda ndipo amamata tsitsi, kupaka kunsonga ndi pakhungu, kusiya maola angapo, kutsuka ndi sopo. Tsitsi lodzozedwa siliuma ndipo siliduka msanga, ndiye limaoneka ngati likukula mofulumira pamene langosiya kuduka. Kumeretsa pamene palibe, ayi. Ndinafuna kuwauza kuti zimenezo ndimadziwa, kuti ngakhale atsikana otha tsitsi m'mphepete mwa chipumi ndimawauza ine kuti vuto ndi kuluka kokoka kwambiri, kuti mabala ozungulira m'mitu ya ana ndi chipere chofuna mankhwala akuchipatala, kuti mayi amene wangobereka kumene kapena wochepa magazi tsitsi limathothoka. Koma nthawi imeneyo ndinali nditaimirira kale, kuyang'ana kunkhokwe.

Malume ake a mtsikanayo ndi mphunzitsi wopuma ntchito, ndipo nditabwerera anali atakonzeka. Anati ku Italy m'zaka za m'ma 1920 anyamata a Mussolini, mtsogoleri wa dzikolo, ankagwira anthu otsutsa boma n'kuwamwetsa mafuta a nsatsi mokakamiza kuti awachititse manyazi pagulu, ndipo ena ankafa nako kutha madzi m'thupi. “Koma aja ankachita kuwagwira,” anatero. “Inu a nkhoswe munagula ndi ndalama zanu.”

Pofika masana miyendo inayamba kukokana, m'kamwa muli gwa, ndikaimirira dziko likuzungulira. Pamenepo kuseka kunachepako. Kutsekula kotere kumachotsa madzi ndi mchere wa m'thupi, makamaka potaziyamu, ndipo kwa nkhalamba, mwana kapena wodwala mtima ndi impso kukhoza kufikitsa munthu pabedi la chipatala. Mayi ake a mtsikanayo anawiritsa madzi, anayeza lita imodzi, anathiramo masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, n'kundiuza kuti ndizimwa pang'onopang'ono nthawi iliyonse ndikabwerako kuseri. Anatumanso mwana kukagula mapaketi a ORS, mankhwala obwezeretsa madzi m'thupi, pakagolosale, ndipo anandipatsa nthochi ndi phala lamadzimadzi. Thobwa anandikaniza.

Mayiwo ananenanso chinthu chimene amuna ambiri sitidziwa. Asidi yemwe uja amafinyanso chiberekero, ndipo akatswiri a ku Germany anasonyeza mu 2012 kuti amagwira pamalo amtundu umodzi m'matumbo ndi m'chiberekero momwe. Za ku Germany anandiuza pambuyo pake kasitomala wanga wogwira ntchito kuchipatala, koma mayiwo ankadziwa kale kuti woyembekezera sayenera kuwalawa n'komwe, chifukwa akhoza kuyambitsa matenda a kubereka nthawi isanakwane. Wa kuchipatala uja anaonjezera ena osayenera kumwa: ana aang'ono, munthu amene m'mimba mukumupweteka kapena akusanza osadziwa chifukwa, ndi aliyense wofuna kumwa tsiku ndi tsiku, pakuti matumbo amazolowera kukankhidwa n'kuyamba ulesi. Mapiritsi akulera ndi mankhwala ena omwa akhozanso kutuluka asanagwire ntchito. Za kutsuka magazi anangoti imeneyo ndi ntchito ya chiwindi ndi impso, ndipo sizinapemphe thandizo kwa wogula soya.

Usiku umenewo tinagona komweko, chifukwa panalibe woyendetsa njinga amene akanavomera kundinyamula. Anandiyalira m'kanyumba koyandikana kwambiri ndi khola, mwaulemu wonse, n'kundipatsa tochi.

Mbeta anatipatsa. M'mawa mwake akuluakulu anakhalanso pansi pa mango, ine nditakhala pamphasa tsopano, ndipo anatchula zofunika zonse mwadongosolo. Pomaliza mphunzitsi uja anakonza kukhosi n'kunena kuti popeza mnyamata wathu adzakhala mkamwini pamudzipo, ntchito yake yoyamba yapezeka kale, ndipo asadikire ukwati: akumbe chimbudzi chatsopano, chakuya mamita atatu, cha chitseko chenicheni, kutali ndi mtengo wa mango. Mnyamatayo anandiyang'ana. Ndinamuuza kuti piki ndi fosholo ndigula ndine.