Ndinawamba ng'oma ya eni ake

Musanamve kwa ena, poti kavidiyo kayamba kale kuzungulira pa WhatsApp: eya, ndine ndemwe ndaima m'chimbudzi muja, ng'oma m'manja, pansi pa makina oumitsira manja.

Anzanga a ku Nepal omwe timagwira nawo ntchito kuno ku Aldershot ku England, komwe mabanja a ma Gurkha, asilikali a ku Nepal a m'gulu lankhondo la Britain, anachuluka chiyambire 2009, ali ndi kagulu koimba. Amafukula nyimbo za agogo awo n'kumaziimba ndi zida zokha, pakamwa ali duu, monga limachitira gulu la Kutumba la ku Kathmandu lomwe linayamba mu 2004. Awa anawonjezerapo gitala ndi kiyibodi. Pa chikondwerero chawo cha Dashain woimba ng'oma anachedwa pamsewu, ndiye maso onse kwa ine, chifukwa pa tiyi ndinkanena kuti kwathu ku Dedza ndikagwira ng'oma ngakhale agogo a ndodo amadzuka. Sindinaname kwenikweni.

Anandipatsa madal, kang'oma ka nkhope ziwiri koimba chogoneka pamiyendo, mbali zonse kali ndi chibanga chakuda pakati. Ndinati eee, phula ili, ndafika kwathu. Kugogoda, kakulira mozizira. Aliyense woleredwa bwino amadziwa kuti ng'oma yozizira imafuna kuwamba. Moto mu holo ya azungu muupeza kuti?

Abale, makina aja amazima okha. Ndiye ndinkagwedeza ng'oma kuti ayakenso, ine chiweramire, matako kuchitseko, kutembenuza uku, kugogoda, kumvetsera khutu lili pachikopa, fuuu, kutembenuzanso. Analowa bambo wina wachikulire, chipewa cha topi kumutu, mphumi ili psuu ndi tika, mpunga wofiira wamadalitso womwe amapakana pa Dashain. Anasamba m'manja n'kuima pambuyo panga kudikira, manja akudontha. Ndinati, "Pepani bambo, pang'ono pokha." Anagwedeza mutu mwaulemu. Tinakhala choncho mpaka ndevu zinamera.

Kenako thee! Chibanga chija chinang'aluka n'kuyamba kuyoyokera musinki. Si phula ayi. Amachitcha khari, phala louma losakaniza ndi tizitsulo toperapera, ndipo ndi lomwe limapatsa madal kulira kwake kwa ngati belu. Palibe anandiuza, ndipo pang'omapo sanalembepo.

Ndinabwerera ndithu pabwalo. Sarangi, kaligo wawo wa nsambo zinayi uja wa anthu a Gandharba, inayamba nyimbo ya Resham Firiri mokoma, chitoliro cha nsungwi chikutsata, kiyibodi ikuyala pansi. Ine kulowa: phwa, phwa, phwa. Wa sarangi anatsegula diso limodzi. Azimayi ovina anaima manja ali m'mwamba.

Mnyamata wa kiyibodi anadina batani, ng'oma za m'makina zinatenga malo anga, ine n'kumangoyendetsa manja m'malere mpaka nyimbo kutha. Ena anandiombera m'manja, dziwani.

Mwini ng'oma akuti aitumiza ku Kathmandu kukakonzetsa khari, ndalama tigawana. Chonsecho wochedwa anali iyeyo.