Shedi ya kuseri kwa nyumba ku Machinjiri

Bizinesi yathu ya ukalipentala ndi manyowa inayamba ndi kalulu mmodzi wamkazi amene mwana wathu anapatsidwa ndi amalume ake ku Thyolo. Munali mu 2020, sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ndipo ine kuntchito anali atandiuza kuti ndikhale kaye kunyumba, adzandiimbira. Mpaka lero foniyo sinalire. Kaluluyo ankagona m'katoni kukhitchini, ndipo usiku wina anatafuna chingwe cha chaja ya foni ya mayi a kunyumba. M'mawa anandipeza ndikumwa tiyi n'kunena kuti, "Bambo a ana, kaya ndi kalulu kaya ndi ine, mmodzi atuluka m'nyumba muno lero."

Ukalipentala sindinauphunzire kusukulu. Chimene ndinali nacho ndi sowo ndi hamala zimene malemu bambo anga anasiya, zitachita dzimbiri m'thumba. Ndinapita ku Ndirande kukagula mapaleti akutha awiri ndi misomali, ndipo ndinakhoma khola lokhota ngati mwendo wa galu. Koma kalulu analowamo, mtendere unabwerera m'nyumba.

Khola loyambalo ndi limene linandiphunzitsa zambiri zimene lero timagulitsa. Ndinaliika pafupi kwambiri ndi pansi. Kalulu uja atabereka (amatenga mwezi umodzi wokha ali ndi bere, masiku 31 kapena kuyandikira pamenepo) linthumbu linabwera usiku mvula itagwa n'kupha ana anayi mwa asanu ndi mmodzi. Mwana wathu analira tsiku lonse osadya. Kuchokera pamenepo khola lililonse lochoka m'manja mwanga limakhala ndi miyendo yotalika pafupifupi mita imodzi, ndipo mwendo uliwonse umaima m'kachitini ka oilo wakuda amene timapempha kugalaja. Linthumbu siliwoloka, ndipo chiswe sichipeza polowera. Pansi pa khola ndinayamba ndaika waya wa nkhuku chifukwa ndi wotchipa, koma umacheka akalulu kumapazi, komanso suchedwa kuduka ndi mkodzo. Pano timakhoma timatabwa kapena nsungwi zong'amba, n'kusiya mpata wolowa chala chaching'ono kuti ndowe zizigwa koma mwendo wa kamwana usakodwe. M'munsi mwake timapendeketsa kachidutswa ka lata kuti mkodzo uzitsetserekera m'chigubu.

Mkodzowo ndi ndowezo ndi zimene zinatsegula mbali yachiwiri ya ntchito yathu, ndipo mbali imeneyo mwini wake ndi mayi a kunyumba, ine ndimangothandiza kunyamula. Pabwalo pathu ndi pamiyala, khasu limangodumpha. Iwo anatola matumba akale a simenti ndi a feteleza, n'kudzazamo dothi losakaniza ndi manyowa, pakati n'kuimika mzere wa timiyala kuti madzi azitsika mpaka pansi, kenako n'kuboola m'mbali n'kudzalamo mpiru, repu ndi chainizi. Mkodzo wa akalulu amausungunula ndi madzi ambiri asanathirire, chifukwa wosasungunula umawotcha masamba, ndipo tinaziona ndi maso athu pa matimati. Patapita miyezi iwiri tinasiya kugula ndiwo zamasamba kumsika.

Kasitomala woyamba anali mayi wina wa kutchalitchi amene anabwera kudzabwereka sefa. Anaima kuseri kwa nyumba nthawi yaitali, sefayo n'kuiiwala. Anafunsa mtengo wa khola, ndipo ine ndinatchula mtengo wongopeka umene nditawerengera bwino madzulo ndinapeza kuti sunakwane ngakhale matabwa ndi malata. Ndinamupangirabe. Anajambula n'kuponya pagulu la amayi la pa WhatsApp, ndipo sabata yomweyo anthu atatu anaimba.

Apa m'pamene panafunika malo ogwirira ntchito. Nyumba ndi ya lendi, choncho ndinapita kukagwada kwa agogo eni malo. Anandimvetsera mpaka kumaliza, kenako anati, "Mwanawe, manga, koma usathire simenti, ndipo chitseko cha bafa langa chija uchione." Shediyo ndi ya mitengo ya bulugamu isanu ndi umodzi ndi malata akale asanu ndi atatu, mamita atatu mulitali, awiri ndi theka mulifupi. Tebulo logwirirapo ntchito ndinalipanga ndi chitseko chakale. Zida zimapachikidwa pa thabwa kukhoma, ndipo chilichonse ndinachijambula ndi makala pamalo pake, kuti chikasowa chithunzi chake chizindiuza. Anthu amaseka akaona, koma anansi obwereka hamala n'kuiwala kubweza ndi ambiri ku Machinjiri kuno.

Ndalama yogulira pulena ndi matabwa oyamba inachokera ku banki m'khonde ya mayi a kunyumba. Ndiye tinalakwitsa kwambiri. Ndinapeza munthu wogulitsa matabwa a paini otchipa, akuti angofika kumene kuchokera ku Chikangawa, ndipo ndinagula ochuluka. Anali aawisi. Ndinaona kuti akulemera komanso sowo ikumata, koma mtengo unanditseka maso. Tinapanga makola asanu ndi mashelefu awiri a m'khitchini, ndipo pofika Okutobala, dzuwa litaswa mtengo, matabwa aja anapindika, zitseko zinakana kutsekeka, shelefu imodzi inagwetsa mbale za eni ake. Ndinayenda nyumba ndi nyumba kukonza ulere, mbale zija n'kulipira. Ngongole ya kubanki tinaibweza ndi ndalama ya ndiwo. Lero thabwa likafika limagona kaye pashedi milungu ingapo, losanjikizidwa ndi timitengo pakati kuti mphepo izidutsa, ndipo kasitomala wofulumira ndimamuuza kuti apite kwina. Ena amapitadi.

Mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, kuzima kwa magetsi kunafika poipa. Anzanga a mashini ankakhala tsiku lonse manja ali m'thumba, pomwe ine wa sowo yamanja ndinkangocheka. Sindinena kuti ndinali wochenjera, ndinalibe chabe ndalama ya mashini. Drilo ya batire ndinaigula pambuyo pake, ndipo ndi chida chokhacho chimene sindibwereketsa ngakhale kwa mlamu wanga.

Namondwe Freddy mu Malichi 2023 sanatigwetsere nyumba monga anachitira kwa anzathu a ku Chilobwe, amene anataya abale ndi zonse. Ife madzi anangodutsa m'shedi n'kunyamula utuchi ndi matabwa amene anali pansi, akalulu ali phee m'mwamba. Miyezi yotsatirayo palibe amene ankaganiza za khola la kalulu. Tinkakhoma zitseko ndi mafelemu a mawindo, zambiri pamtengo wa matabwa okha. Kenako mu Novembala chaka chomwecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo misomali, mahinje ndi malata zinakwera pamene ndinali nditalandira kale ndalama za maoda atatu pamtengo wakale. Chiyambire pamenepo mtengo umene ndatchula umagwira ntchito sabata imodzi yokha, ndipo munthu akapereka theka pa Airtel Money kapena Mpamba ndimapita kukagula zipangizo tsiku lomwelo.

Kukwera kwa feteleza kunabweretsa makasitomala a mtundu wina, ofuna manyowa. Ndowe za akalulu ndi nkhuku timazisakaniza ndi madeya, phulusa, feteleza pang'ono ndi madzi, n'kumanga m'thumba la pulasitiki masiku 21, monga amapangira manyowa a Mbeya. Tinayamba tathira pa chimanga chathu cha kuseri kwa shedi nyengo imodzi yathunthu tisanagulitse thumba ngakhale limodzi. Lamulo limeneli anakhazikitsa ndi mayi a kunyumba pambuyo pa nkhani ya matabwa aawisi ija: chimene sichinakhalepo pabwalo pathu sichituluka pageti. N'chifukwa chake sitipanga mipando ya sofa ngakhale anthu amafunsa kawirikawiri. Ya kwathu tinachita kugula.

Pano tili anthu anayi: ine, mayi a kunyumba, mnyamata wina amene anamaliza Fomu 4 ndipo pulena amaigwira bwino kundiposa, ndi mwana wathu uja amene Loweruka amapaka vanishi n'kulipidwa ngati wina aliyense. Katundu wamng'ono amapita pa kabaza, wamkulu timachita hayala kagalimoto. Loweruka likubwerali tikupereka khola la zipinda zitatu ku Chirimba, ndipo agogo eni malo anena kale kuti tikabwerako tikaone denga la khitchini yawo mvula isanayambe.