Mapazi pa gilini ya nambala 7

Lachiwiri usiku. Tulo sitikubwera, nkhani ya bambo aja ikundiwawabe mumtima.

Mvumbi uno wafika tsiku lachinayi. Gilini ya nambala 7, kapinga wosalala wozungulira bowo pabwalo la gofu pomwe ndimagwira ntchito, ili kumunsi, kufupi ndi dambo, ndipo ukaponda madzi amatumphuka m'mbali mwa jombo ngati wafinya chinkhupule. M'mawa tinaizinga ndi chingwe, mbendera n'kuisamutsira pakamtunda, pomwe ndinaboola bowo longoyembekezera, mamilimita 108 monga mwa lamulo. Ine ndinali m'dzenje la mchenga ndi fosholo, kukweza mchenga umene madzi anakokolola usiku. Wasakanikirana ndi katondo, wafiira, ndipo ukauma ulimba ngati njerwa.

Ndiye ndangoona bambo wina wadutsa chingwe.

"Pepani bwana, apo tatseka."

"Watseka ndani? Ndimalipira chaka chonse ine. Komanso udzuwu simunatchetche bwanji?"

Ndinavula chipewa n'kuyesa kuwafotokozera. Udzu wa pagilini timaudula mamilimita 4 basi, choncho mizu yake ndi yaifupi, ndipo imafuna mpweya. Dothi lonyowa ukalipondereza, timipata ta mpweya timatsekeka, mizu n'kuyamba kuola. Makina otchetchera akakwerapo lero asiya mikwasa, ang'amba udzu m'malo moudula, komanso apaka timilu ta nyongolotsi ponseponse ngati akuzira nyumba. Ndinawakumbutsanso kuti mpira ukagwera m'madzi a mvula, malamulo a gofu amalola kuuchotsapo popanda chilango.

"Achimwene, mukufuna kundiphunzitsa gofu?"

Sindinayankhe. Mnyamata wowanyamulira chikwama anangozolika. Bambowo analowa, anamenya mpira wawo kawiri, n'kutulukira mbali ina. Ndinawerenga mapazi 23, ndipo lililonse linadzaza madzi ine ndikuona.

Chondiwawa si mawuwo ayi. Gilini imeneyo ndinaidzutsa ndekha. Chaka chatha inachita zigamba, ndipo mu Seputembala tinaiboola timabowo, kuthira mchenga wosefa ndi wilibala, kuusesera mkati ndi tsache, kuthirira m'bandakucha dzuwa la Okutobala lisanakwiye. Bambo anga kumudzi sankalola munthu kudutsa m'munda mvula itangokata, ankati nthaka imapweteka. Ndawakumbukira kwambiri lero. Mwina n'chifukwa chake nsima ya masana ndinangoiyang'ana.

Kaya inali 3 koloko kaya 4, ndinabwerera ndi foloko. Phazi lililonse ndimalowetsa foloko m'mbali, kutukula pang'onopang'ono kuti dothi lipume, kenako kusalaza ndi chikhatho. Ena anadzuka bwino. Asanu a pakati, pomwe anapotoza chidendene, udzu unazuka ndi mizu yomwe. Amenewo afunika kudula kapinga kunazale n'kudzaika chigamba, koma osati m'matope muno.

A kapitawo akuti akauza komiti. Loweruka kuli mpikisano, ndipo ngalande ya kuseri kwa nambala 7 yatsekekanso ndi masamba. Kunjaku yayambiranso, ndikuimva pamalata.