Mendulo yopanda dzina

Lachiwiri usiku. Tulo takana, bola ndingolemba.

Masana ndinali kwa azakhali ku Chinamwali, nditanyamula kachitini ka mendulo ya agogo aamuna. Tonsefe tinakula tikudziwa kuti agogo anali msilikali wa KAR (King's African Rifles, gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda) ndipo anakamenya nkhondo ku Burma. Ine ndimangofuna azakhali andiuze chaka chomwe ananyamuka, ndikayambire pomwepo kufufuza ku National Archives.

Anaitenga, kuitembenuza, kuipukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Iwe, anakuuza ndani kuti ndi ya bambo anga imeneyi?"

Ndinaseka, kuyesa nthabwala.

"Nthawi ya nkhondo ya Hitler bambo anali ku Wankie, kukumba malasha. Chifuwa chija unkayesa anachitenga kuti? Ku Burma kunapita ang'ono awo."

"Nanga Azakhali, bwanji simunanene zaka zonsezi?"

"Unandifunsa?"

Basitu. Anabwerera ku mtedza wawo womwe amasenda, ngati sanaswe kanthu.

Akuti ang'ono awowo anabwerako nkhondo itatha, koma munthu wake sanalinso yemwe uja. Kukagunda bingu ankathawira kunsi kwa nkhokwe. Sanathe dzinja lachiwiri pamudzi, analembetsa Wenela, ulendo wa ku Joni, n'kutchona. Menduloyo anaisiya mu thumba la jekete. Agogo ndiwo ankaivala mwezi wa Novembala uliwonse pa tsiku lokumbukira asilikali, anthu n'kumawapatsa sawasha, iwo osakana.

Chikundiwawa n'choti Burma ndinamuphunzira chifukwa cha iwo. Ndinaloweza njira yonse ya asilikali a ku Nyasaland: Abyssinia mu 1941, Madagascar mu 1942, kudzera ku Ceylon, kenako chigwa cha Kabaw ku Burma mu 1944, m'matope ndi malungo, mvula ili pakati, mpaka kumtsinje wa Chindwin. Pamapu ponsepo ndinkaikapo nkhope ya agogo. Za Wankie, yomwe lero ndi Hwange ku Zimbabwe, sindinawerengepo ngakhale tsamba limodzi. Chikhalirecho malasha amenewo ndiwo ankayendetsa sitima ndi migodi ya kopa nthawi ya nkhondoyo. Kaya ndakwiyira agogo, kaya ndadzikwiyira ndekha kuti kukumba malasha ndikukuona kuchepa, sindikudziwa.

Menduloyi ili pathebulo pano. Nyenyezi ya nsonga 6, kansalu kake kofiira pakati koma kofwifwa. Kumbuyo kuli see. Angerezi sankalembapo mayina pa mendulo zimenezi, ndiye siingandiweruzire mlandu.

Ndisanatsanzike ndinafunsa dzina la ang'ono awo aja. Azakhali anatchula lapamudzi, n'kuwonjezera kuti ku usilikali analembetsa lina, poopa kuti amayi awo akawatsata ku boma n'kukawabweza. Dzina limenelo analidziwa ndi agogo okha.

Pobwerera minibasi inadutsa pa chipilala cha KAR chija pafupi ndi Cobbe Barracks. Ndinati nditsike, koma ndikayang'ane dzina liti?

Bambo sindinawaimbirebe foni. Chithunzi cha agogo atavala menduloyo chili pakhoma pabalaza pawo, pamwamba pa wailesi.