Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Peugeot ya atate ichoka pakhomo

Gawo lapita ndinalekezera pogawa katundu wa atate. Pa zonse zimene abale anakanganirana, motoka yokha palibe anaifuna. Inali Peugeot 504 yoyera, ija yaitali ya mizere itatu ya mipando, giya yake ili pachiwongolero. Atate anaigula yogwirapo kale ntchito mu 1984.

Masiku amenewo ku Chilenje, mu Lusaka, nyumba zokhala ndi motoka zinali zowerengeka, ndiye Peugeot inali ya mzere wonse wa nyumba zathu. Mayi woyembekezera nthawi yake ikakwana pakati pa usiku, anthu ankagogoda pawindo la atate, basi ulendo wa ku chipatala chachikulu cha UTH. Inanyamula akwati, inaperekezanso maliro ambiri ku Leopards Hill. Atate ankangolandira ya petulo, nthawi zina osalandira n'komwe, amai n'kumadandaula kukhitchini.

Mwezi wa August ndiwo inkaonetsa mphamvu zake. Kwathu ndi ku Katete, makilomita pafupifupi 500 pa Great East Road, ndipo atate sankafuna kuphonya Kulamba ku Mkaika. Tinkanyamuka mbandakucha, matumba a shuga ndi mchere pamwamba, ana tothinana kumpando wakumbuyo. Chongwe ndi Rufunsa tinkadutsa tikuimba. Pofika ku Manenekela aliyense ankakhala chete. Atate maso pa singano ya kutentha kwa injini, amai maso kuphompho. Singano ikangoyandikira kofiira tinkaima, kudikira kuti nthunzi ileke, kenako atate n'kutsegula chotsekera cha radieta ndi thaulo lakale lomwe linkakhala pansi pa mpando wawo, nkhope atayang'ana kumbali. Chigubu cha madzi ndinkasunga ndine, ndipo ndinkanyada nacho kwambiri. Pa mlatho wa Luangwa amai ankagula nsomba zouma, ku Nyimba nthochi, fungo la zonsezo n'kukhala m'mipando mpaka Khrisimasi.

Peugeot ija inafa chifukwa chosowa masipeya, injini ikanali bwino ndithu. Itadutsa 1991 msika unatseguka, motoka zakale za ku Japan zinayamba kusefukira kudzera ku Dar es Salaam ndi Nakonde, ndipo masitolo a masipeya anadzaza ndi za Toyota. Amakanika odziwa kabyureta anakalamba. Anyamata atsopano ankangoisuzumira n'kuseka. Inathera panjerwa kuseri kwa nyumba, road tax ndi fitness zitatha kalekale, makoswe akudya nthambo.

Oyamba kubwera anali ogula zitsulo zakutha, amene amalipira pa kilo. Amai anawabweza pageti.

"Mukufuna kuiyeza pasikelo ngati nyemba? Pitani bwino, bambo."

Ine ndinkaona kuti mtengo wawo sunali woipa, koma m'nyumba ya amai sumatsutsa zotere.

Mu 2014 kunabwera mlimi wina wa ku Chongwe amene anali ndi 504 yake ya pikiapu, yoyendabe. Ankafuna giyabokosi ndi difu. Asananene mtengo anagwada, kulowetsa mutu pansi, kugogoda chitsulo, kenako anati, "Amai, mwini wake ankaisamala." Pamenepo malonda anali atatha. Anagwirizana K3,000, yomwe amai mpaka lero amati 3 miliyoni, poti sanazolowere kwacha yochotsedwa maziro atatu mu 2013. White book, kalata ya umwini wa motoka, anaitulutsa m'sutikesi, itakulungidwa m'pulasitiki pamodzi ndi satifiketi ya ukwati wawo.

Tinapopa matayala obwereka, n'kuimanga chingwe. Ndine ndinagwira chiwongolero mpaka pamsewu waukulu, mabuleki kulibe, ndikudalira handbrake basi.

Madzulo ake amayi a nyumba yoyandikana nafe anabwera atakwiya zenizeni. Ana awo atatu onse anapita kukabadwa pa motoka imeneyo, ndiye akuti tinagulitsa bwanji osawauza. Amai anapepesa, anawaphikira tiyi, ndipo anakhala pakhonde mpaka mdima akuwerenga ana a m'Chilenje amene Peugeot inathamangira nawo, uku akutsutsana ngati mapasa a pakona aja anabadwira m'chipatala kapena pampando wapakati.

Ndalamayo inagula malata a khitchini. Za mmene tinakanganirana ndi mmisiri wake, m'gawo lotsatira.